Uthenga wa a Kanyemba ndi Lamulo la Mawu Makumi Atatu

Chaka choyamba, ku Old Town

Tadala ndi Yamikani, ana anga, za ubwana wanga ku Nathenje ndidakuuzani kale mpaka makutu anu adatopa, choncho sindibwerezanso. Ndiyambire pamene ndidayamba kudya thukuta langa. Ntchito yanga yoyamba, imenenso idakhala yomaliza, idali pa wayilesi ina yomwe sindiitchula dzina, pakuti eni ake akadali moyo ndipo ana awo mumapemphera nawo. Adandilemba chifukwa ndinkatha kutayipa osayang'ana zala. Situdiyo idali ku City Centre, koma ine adandiika m'kaofesi ka ku Old Town, pamwamba pa sitolo ya nsalu, kufupi ndi depoti ya mabasi. Mudali tebulo limodzi, makina otayipira, benchi ya alendo ndi zenera loyang'ana kumsika. Ntchito yanga idali kulandira mauthenga afupiafupi amene ankawerengedwa pa wayilesi masana ndi madzulo: a maliro, a odwala, a ana osowa, a ng'ombe zosokera, a misonkhano ya mipingo. Ndikamaliza kutayipa, wanjinga yamoto ankabwera kudzatenga mapepalawo kupita nawo kusitudiyo.

Bwana wanga woyamba adali Bambo Mhango, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu womanga tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Chichewa chawo chinkamveka kuti n'cha munthu wakumpoto, koma ankachidziwa kuposa ife eni ake, ndipo zimenezi zinkandiwawa pang'ono. Sabata yanga yoyamba ndidatayipa pepala la maliro, pamwamba pake n'kulembapo kuti "Chidziwitso". Adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adandibwezera.

"Mayi Mbewe, ichi mwalemba n'chiyani?"

"Chidziwitso cha maliro, bwana."

"Mukudziwitsa ndani?"

Ndidati anthu onse omvera. Iwo adavula magalasi.

"Chidziwitso timamata pabolodi. Wofuna awerenge, wosafuna adutse. Akati mawa atseka madzi ku Area 9, chimenecho ndiye chidziwitso. Mawuwo achokera ku kudziwa: wadziwa wadziwa, nkhani yathera pomwepo. Tsono kwanu ku Nathenje munthu akamwalira, abale akutali mumawatani?"

"Timatuma anthu akawauze."

"Wotumidwayo mumamutchula kuti chiyani?"

"Mthenga."

"Basitu. Chimene wasenza mthenga ndiye uthenga. Uli ndi mwini wake kuno, uli ndi mwini wake uko. Ndipo mthenga sabwerera pakhomo asanamupeze amene am'tumira. Tayipaninso."

Ndidatayipanso nkhope ili gwa, koma phunzirolo lidalowa. Kuyambira tsiku limenelo m'kaofesi kathu mudali milu iwiri ya mapepala. Mulu wa zidziwitso udali wa makampani, masukulu ndi a boma. Mulu wa mauthenga udali wa anthu, ndipo uthenga uliwonse unkayenda njira imodzi: ukupita kwa yani, chachitika n'chiyani, kuti ndi liti, wotumiza ndani. Pamapeto pake tinkaika mzere umene a Mhango sankalola kuti usowe ngakhale pepala litathera pakati: "Aliyense amene wamva uthengawu, chonde akawauze." Mzere umenewu ndiwo unkagwira ntchito yonse. Munthu amene tikumufuna nthawi zambiri sankakhala ndi wayilesi, koma wapachigayo ankamva, wapagolosale ankamva, ndipo akamva ankadziwa kuti katunduyo tsopano ali pamutu pake.

Anthu sankabwera ndi mawu olembalemba. Ankatsika basi, kukwera masitepe, kukhala pabenchi, n'kuyamba nkhani kuchokera tsiku limene malemu adayamba kudandaula mutu. Ine ndinkamvetsera, ndikupeta, mpaka patsale mayina ndi malo. Ndidaphunzira kufunsa dzina limene munthu amadziwika nalo kumene ali, chifukwa la ubatizo ambiri amalisiya kwawo. Zosowa zidalipo zambiri. Riboni ya makina ikauma tinkaidontheza mafuta a makina osokera ochokera m'sitolo ya pansi ija. Mapepala akatha tinkatayipa kuseri kwa mafomu akale. Magetsi akazima, kusitudiyo jeneleta ilibe dizilo, ndinkauza anthu zoona kuti uthenga wawo uchedwa, ndipo a Mhango ankaonetsetsa kuti wa maliro ukhale woyamba magetsi akangoyaka. Zaka zisanu ndi zitatu zidatha choncho, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndidaweruka ndikuchita manyazi ndi ntchito yanga.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kusamukira ku City Centre

A Mhango atapuma pantchito n'kubwerera ku Rumphi, adatibweretsera Bambo Maliwichi. Adali achinyamata, ophunzira kunja, okhala ku Area 9, ndipo ankanunkhira bwino kuposa sitolo ya sopo. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kawo kadalidi kakuthwa, koma ankangometa paliponse osayamba aona mutu.

Choyamba adatseka ofesi ya ku Old Town, ati fumbi limachititsa manyazi kampani. Tebulo langa lidapita ku City Centre, m'nyumba yosanja ya magalasi. Tsopano munthu wochokera ku Mitundu kapena ku Nsaru, maliro ali m'nyumba, ankayenera kutsika kudepoti, kukweranso minibasi ina, kudzafotokozera mlonda wapageti amene ankayamba wamuyang'ana kumapazi, kenaka kusokera m'makonde kufunafuna chitseko changa. Ndidakaonapo mayi wina wachikulire atavula nsapato pakhomo kuopa kudetsa matailosi. Ndidamuveka ndekha, mtima ukundiwira.

Chachiwiri adaitanitsa miting'i. Adati milu iwiri ija n'zachikale. Zonse zikhale mulu umodzi, dzina lake Zidziwitso, ndipo chilichonse chisapitirire mawu makumi atatu. Dzina la wolandira likhale limodzi kapena lisakhalepo. Mzere womaliza uja uchoke. Pulogalamu ikhale ya mphindi khumi zokha, chifukwa anthu a m'tauni akamva maliro ambiri amasintha sitesheni.

Ndidakweza dzanja. "Bwana, mzere umenewo ndi umene umafikitsa uthenga."

"Mayi Mbewe, look," adatero akuseka, "masiku ano aliyense ali ndi foni. Wayilesi si mesenjala. Tiyeni tisinthe mindset."

Anzanga onse adaseka nawo, monga amachitira anthu bwana akaseka. Ine ndidatsitsa dzanja. Ndinene pano mosabisa kuti zaka zitatu ndidamvera lamulolo. Ndinkawerenga mawu ndi nsonga ya pensulo, kudula mayina a midzi, kudula azakhali, kudula atsibweni, munthu ali pabenchi akundiyang'ana. Ndinkadziuza kuti ndili ndi ana awiri kusekondale ndipo bambo anu adali atatisiya kale. Zimenezo zidali zoona, koma sizinkandiletsa kudzida. Mawu akuti uthenga adasowa m'nyumba monsemo. Ndidatsala ndine ndekha wowatchula, moti achinyamata a kusitudiyo adandipatsa dzina lakuti Agogo Mauthenga, ndipo ndinkavomera.

Januwale wa chaka chakhumi ndi chiwiri

Lidali Lachiwiri, mvula itagwa usiku wonse, pamene mlonda adandibweretsera bambo wina wovala ovolosi yobiriwira ndi majombo. Adati dzina lawo ndi Edisoni Kanyemba, ndipo amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Area 12. Adakhala kunsonga kwa mpando, chipewa chili pabondo. Akazi awo, Agnesi, adali atamwalira dzulo lake kuchipatala atadwala masiku anayi okha. Thupi lidali litapita kale kumudzi kwa mkaziyo ku Mitundu.

"Pepani kwambiri, bambo. Tsono tiuze ndani?"

"Atsibweni awo, mayi. A Layisoni Gwaza. Ndiwo eni mbumba. Apongozi anga anenetsa kuti mwana wawo salowa m'manda mlongo wawoyo asanafike. Akuti mwana wathu munamutenga wamoyo kupita naye kutauni, mwabweza mtembo, ndiye mufotokozere mwini wake. Ine ndine mkamwini chabe, mayi, pamudzi paja ndilibe pakamwa."

Inu ana mudakulira m'tauni, choncho ndifotokoze. Kwathu kuno mkazi ndi ana ake ali m'manja mwa mlongo wa mayi ake. Mwamuna angakhale adamukonda chotani mkaziyo, sangalamule za manda ake. Akaikidwa mwini mbumba asanamve, mlandu wake sutha, ndipo ana amatha kukula akumva kuti bambo wawo adakwirira mayi wawo ngati wakuba. A Kanyemba adali ndi ana atatu. Thupi silikadatha kudikira kupitirira Lachinayi, ndipo abwana awo a ku Area 12 adali atawapatsa masiku atatu okha, ati kapinga amakula msanga nthawi ya mvula.

Ndidafunsa kumene kuli a Gwaza. Adati ndi tenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo amasintha esiteti chaka ndi chaka. Chaka chatha adali cha ku Santhe, ena akuti adawaona ku Chamama, ena akuti ku Lisasadzi. Foni alibe. Ndidafunsa dzina limene amadziwika nalo kumeneko. A Kanyemba adaganiza pang'ono, n'kunena kuti popeza amatsimphina, anzawo amawatchula a Kamwendo. Ndidatayipa monga adandiphunzitsira a Mhango:

"Uthenga uwu ukupita kwa a Layisoni Gwaza a ku Mitundu, amene ambiri amawatchula kuti a Kamwendo, omwe akulima fodya m'maesiteti a ku Kasungu, mwina cha ku Santhe, ku Chamama kapena ku Lisasadzi. Mwana wa mlongo wanu, Agnesi, watisiya Lolemba ku Lilongwe. Maliro ali kumudzi ndipo akudikira inu kuti aikidwe Lachinayi. Wotumiza ndi mkamwini wanu, Edisoni Kanyemba. Aliyense amene wamva uthengawu, chonde akawauze."

Mawuwo adapitirira muyeso kawiri. Ndidawatsanzika a Kanyemba kuti athamangire kumudzi, ndipo pepalalo ndidapita nalo ndekha kwa a Maliwichi kukapempha chilolezo. Ndidawapeza akumwa khofi. Adaliwerenga, adatenga cholembera chofiira, ndipo posakhalitsa adandibwezera litatsala motere: "Agnesi Kanyemba wa ku Mitundu wamwalira Lolemba. Maliro aikidwa Lachinayi kumudzi. Abale onse akudziwitsidwa."

"Mwaona? Zomwezija, koma zaukhondo."

"Bwana, ku Santhe Agnesi Kanyemba akumudziwa ndani? Amene akudziwika kumeneko ndi a Kamwendo, ndipo mwawafufuta."

"Awaimbire foni."

"Tenanti, mu Januwale, foni? Munthu amene akudya nkhwani wopanda mchere?"

"Mayi Mbewe, tikapanga exception lero, mawa aliyense abwera ndi mbiri ya fuko lake lonse. Lamulo ndi lamulo. Tsekani chitseko mukamatuluka."

Ndidatseka, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti galasi lake silidasweke. Masana chidziwitso chaukhondo chija chidawerengedwa, chidatha ngati munthu wayetsemula. Ndidabwerera patebulo langa ndili ndi ukali. Zaka zitatu ndidali ndikumeza, koma tsiku limenelo zidakana kutsika. Ndinkadziwa kuti matenanti masana amakhala kumunda, ndipo wayilesi amaitsegula madzulo akaweruka. Mwayi udali umodzi, pulogalamu ya sikisi koloko. Mawa lake uthenga ukadafika mochedwa, chifukwa kuchokera kuesiteti kukafika ku Mitundu nthawi ya matope ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Mulu wa madzulo ndinkausanja ndine, ndipo unkayenera kukwana mphindi khumi ndendende, pakuti zikatha pankalowa nkhani. Kuti uthenga wathunthu ulowe, china chidayenera kutuluka. Pamwamba pa muluwo padali chidziwitso cha msonkhano wa komiti ya chinkhoswe cha mwana wa bwana wina wamkulu wa ku Capital Hill. Chidali chitawerengedwa kale masiku atatu, masana ndi madzulo, kuitana anthu khumi ndi awiri amene onse adali ndi magalimoto, mafoni awiriawiri, ndiponso ankaonana kutchalitchi. Icho lamulo la mawu makumi atatu silinkachikhudza, chifukwa mayi wa mwanayo ankadziwana ndi a Maliwichi. Ndidachichotsa n'kuchiika m'dirowa. M'malo mwake ndidaika uthenga wa a Kanyemba, wathunthu, ndipo ndidasaina dzina langa pansi kuti mlandu usagwere wina.

Wowerenga tsiku limenelo adali a Tembo, munthu wakale ngati ine. Sindidawauze kanthu. Ndidaima m'khonde pansi pa sipika, chikwama chili m'khwapa. Atafika papepala lija adaima pang'ono, ndipo ndidadziwa kuti azindikira. Kenaka adaliwerenga modekha, dzina lililonse momveka, malo alionse payekha, ndipo mzere womaliza adaubwereza kawiri osauzidwa ndi munthu. Ndidatsika masitepe kukakwera minibasi ya ku Kawale mtima uli m'malo.

M'mawa mwake ndidapeza a Maliwichi akundidikira pakhomo. Mayi wa chinkhoswe uja adali atasonkhanitsa anzake kunyumba kwake kuti amve dzina lake likutchulidwa, m'malo mwake adamva za tenanti wotsimphina. Adaimba foni katatu.

"Mukudziwa amene mwamuchititsa manyazi?" adandifunsa titalowa mu ofesi.

"Ndikudziwa, bwana. Kodi pa khumi ndi awiri aja alipo amene saudziwa msonkhanowo?"

"That is not the point! Ndinakukanizani pamaso, inu n'kukachita zomwezo kumbali. Mumadziona ngati ndani pano?"

"Ndine kalaliki wa mauthenga. Munthu anandituma, ndipo ndatumikira. Maliro n'kulirana, bwana. Tsiku lina adzakhala anu, ndipo mudzafuna kuti dzina lililonse litchulidwe."

Mawu omalizawo ndikadatha kuwasunga, koma sindinong'oneza bondo. Lisanathe tsikulo ndidalandira kalata. Sadandichotse ntchito, poopa kuti nkhani ingatuluke. Adandisamutsira kuchipinda chosungira matepi akale ndi mafayilo, chapansi, chopanda zenera, kumene munthu ankatha sabata osamva "mwadzuka bwanji". Ndidakhala kumeneko zaka zisanu mpaka kupuma. Inu ndidakuuzani kuti andikweza kukhala woyang'anira zosunga. Ndidakunamizani, ana anga, ndipo chifuwa chimene mumandigulira mankhwala mpaka lero ndidachitenga m'fumbi la mmenemo.

Patatha milungu itatu

Tsiku lina masana chitseko cha chipinda changa chatsopano chidagogodedwa. Adali a Kanyemba, atameta mpala wa maliro. Adali atandifunafuna nyumba yonse mpaka wosesa adawalozera kunsi. Ndidawapatsa katoni ya mafayilo kuti akhalepo, pakuti mpando udali umodzi.

"Anafika, mayi," adatero asanakhale n'komwe. "Lachinayi dzuwa lili paliwombo, matope mpaka m'mawondo. Manda atakumbidwa kale, anthu atatopa kudikira, apongozi atayamba kundilozaloza. Tinangoona kabaza akutsitsa munthu wotsimphina kumsewu. Analira, analowa m'nyumba kukaona nkhope, kenaka anandiitana pamaso pa onse. Anati mkamwini amene wandisaka mpaka kundipeza kumene ngakhale mlongo wanga sakudziwa, ameneyo sanataye mwana wathu. Tinaika bwinobwino. Ana ndabwera nawo, ali kusukulu."

Ndidalira pamenepo, osabisa. Koma iwo adali asanamalize. Adatulutsa kapepala ka m'kope, kopindidwa kanayi. A Gwaza sadamve okha wayilesi. Uthenga udadutsa m'manja mwa anthu anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankamudziwa Agnesi. A Kanyemba adafunsa mayina awo onse kwa a Gwaza, adawalemba, ndipo adabwera kuti awathokoze pa wayilesi pomwepo. Adali atayamba apita patebulo langa lakale. Mayi amene adalowa m'malo mwanga, munthu wabwinobwino koma woopa ntchito yake monga ndinkaopera ine, adawerenga mawu ndi pensulo n'kuwalembera kuti: "Banja la Kanyemba likuthokoza onse amene anathandiza pa maliro."

"Ndakana, mayi," adatero a Kanyemba. "Onse ndani? Anthuwa ali ndi mayina. Wina anasiya malonda ake, wina anapalasa njinga pamvula. Ndiwathokoze ngati ndikuwaza chimanga cha nkhuku? Ndati ndikapeze mayi aja, mwina iwo angathe."

Sindikadatha. Makiyi a mulu wa madzulo adali atandilanda, ndipo kusitudiyo adandiletsa kupondako. Ndidawauza zoona. Adayang'ana mashelefu a matepi, adayang'ana ine, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamene adazindikira chimene chidanditsitsira kumeneko, chifukwa adagwira pakamwa. Ponyamuka adasiya kapepalako patebulo. Adati alibe kwina kokapereka.

Mkwiyo wa tsiku limenelo sudathe mpaka lero. Za ine ndidakhululuka, chipinda chija ndidachizolowera. Chimene sindikhululuka n'chakuti wayilesi imene inkatha mphindi zambirimbiri kutamanda sopo ndi feteleza idalephera kupeza mpweya umodzi wotchulira anthu anayi. Kapepalako ndakhala nako zaka zonsezi, ndipo inki yake yayamba kufufutika. Ine wayilesi ndilibe, ndili ndi tsamba lino lokha, ndiye mukafika pano musawerenge chamumtima, muwerenge mokweza.

A Edisoni Kanyemba ndi ana awo atatu akuthokoza a Nasimango, ogulitsa zitumbuwa pa Santhe, amene adamva wayilesi ya pagolosale, n'kusiya beseni lawo kukafunsa m'misika ngati alipo wodziwa a Kamwendo. Akuthokoza a Fuledi Zuze, akabaza, amene adati adawanyamulapo, ndipo adapalasa pamvula mpaka kumpingo wa kufupi ndi esiteti osalipiritsa munthu. Akuthokoza a Chisale, mkulu wa mpingo umenewo, amene adalawira m'mamawa Lachitatu kuyenda wapansi chifukwa mlatho udali utakokoloka. Akuthokozanso a Jumbe, kapitawo wa paesiteti, amene adalowa m'munda wa fodya, adalanda khasu m'manja mwa a Gwaza, n'kuwauza kuti pitani, mizere yanu ndipalira ndine.